Kutolera chakudya cha anzathu kuno ku Joni: mmene mungayambire

Amalawi amene tili kuno ku Joni tili ndi luso limodzi lomwe palibe angatipose, kusonkha za maliro. Mnzathu akamwalira ku Rosettenville Lachiwiri, pofika Lachitatu gulu la pa WhatsApp latsegulidwa, msungichuma wasankhidwa, mayina a osonkha akutuluka m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa thupi lanyamuka kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza mpaka kumudzi. Koma nthawi zina munthu yemweyo anatha miyezi akugonera tiyi, ife osadziwa kanthu. Malangizo awa ndikulembera inu achinyamata amene mtima ukukuwawani ndi njala ya anzathu, kuti dongosolo lomwe timalidziwa kale lija lizigwiranso ntchito munthu adakali moyo.

Choyamba, dziwani amene adzadye

Ambiri amayamba ndi kutolera. Zakudya zikaunjikana m'pamene amafunsana kuti tipatse ndani, ndipo mapeto ake amalandira ndi amene ali ndi pakamwa, kapena mlamu wake wa wapampando. Inu yambani ndi anthu.

Njala ya kuno imabisala. Munthu wavala bwino, foni ili m'manja, kumudzi akumuyesa bwana chifukwa mwezi watha anatumiza kangachepe pa Mukuru. Ameneyo sangaime m'tchalitchi n'kunena kuti ana agona ndi njala. Komanso kuboma alibe kolowera. Thandizo la SRD, kandalama ka mwezi ndi mwezi komwe boma limapatsa osowa, lomwe linayamba mu 2020 lili R350 n'kukwera kufika R370 mu Epulo 2024, limapita kwa nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika, othawa kwawo ovomerezeka ndi ena a ziphaso zapadera. Mmalawi amene analowa ndi masiku 30 a pa pasipoti kenako n'kutchona salowamo. Amene munalipo pa lokidauni ya Covid-19 yomwe inayamba pa 27 Marichi 2020 mukukumbukira kuti maphukusi ambiri a chakudya ankafuna nambala ya ID.

Choncho musalengeze pa gulu kuti ovutika alembetse. Pitani kwa anthu amene amalowa m'nyumba za anzawo: amayi a Mvano, a Dorika, amayi a ku mzikiti ku Mayfair kapena ku Lenasia, mayi amene amasunga ana a anzake masana, ogulitsa usipa ndi nsinjiro amene amadziwa yemwe wasiya kugula. Afunseni mwakachetechete kuti, "Amayi, ndi nyumba ziti zomwe moto sukuyaka?" Adzakutchulirani osaganiza kawiri.

Mukafika panyumbapo, muwiri osati nokha, mafunso ndi atatu basi. Mumagona angati muno? Ana alipo angati, a zaka zingati? Mumaphikira chiyani? Funso lachitatuli ambiri amaliiwala, koma ndi lomwe lidzakuuzeni zoika m'phukusi. Mukalowa m'chipinda cha ku Berea chogawidwa pakati ndi katani, mabanja awiri akusinthana hotipuleti imodzi, mita ya magetsi ikuphethira kuti mayunitsi atsala pang'ono, mudzamvetsa kuti kilogalamu ya nyemba zouma pamenepo ikhoza kukhala mwezi wathunthu pansi pa bedi.

Musafunse za mapepala, musajambule pasipoti ya munthu. Lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu, limafuna kuti muzitenga zokhazo zofunika pa ntchito yanu ndi kuzisunga bwino, komanso ganizirani foni yanu itabedwa pa renki ya mateksi ya Noord muli mndandanda wa mayina, maadiresi ndi amene alibe ziphaso. Dzina loyamba, nambala ya foni ndi chiwerengero cha anthu zakwana.

Yambani ndi mabanja khumi kapena ocheperapo. Ndipo ngati pa yadi yomweyo pali agogo a Chizulu akulera zidzukulu, kapena mayi wa ku Mozambique amene mwamuna anamuthawa, alembeni. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa chakudya ndi madzi okwanira, silitchula mtundu. Palinso nzeru yodzitetezera: chipwirikiti chothamangitsa obwera cha mu Meyi 2008 chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo matumba a ufa olowa m'nyumba za alendo okhaokha eni dziko akuyang'ana amabala mawu.

Chachiwiri, musagwire ndalama nokha

Pezani anzanu awiri odalirika. Mmodzi alandire ndalama, wina alembe m'kope, wachitatu asunge kiyi wa kumene kuli chakudya. Wolandira asakhale wolemba, ndipo asakhale chibwenzi chanu. Pemphaninso munthu wamkulu mmodzi, abusa, a Shehe kapena mayi wolemekezeka, kuti aziona kopelo mwezi ndi mwezi. Wachinyamata akamatolera ndalama mphekesera sizichedwa, mukangogula nsapato yatsopano anthu anena kuti mwadya za amasiye.

Pemphani zochepa, koma za mwezi uliwonse, ngati chipereganyu. Anthu 20 osonkha R50 ndi R1,000 pa mwezi, yomwe mungathe kuiwerengera. Bwana mmodzi wopereka R3,000 kamodzi amakusiyani m'mavuto mwezi wotsatira, pamene mabanja azolowera kale kukudikirani.

Chachitatu, sankhani nthawi imene njala imaluma

Aliyense amafuna kugawa pa Khrisimasi komanso pa 18 Julayi, tsiku la Mandela, pamene makampani amatuluka ndi mabulangete ndi makamera kwa mphindi 67. Zimenezo asiyireni. Anthu athu ambiri amagwira m'magaladeni, m'nyumba za mabwana, kumamangidwe ndi maganyu a tsiku. Kumamangidwe amatseka pakati pa Disembala, mabwana amapita kunyanja, kandalama kotsala katumizidwa kumudzi kuti akagule feteleza. Ndiye kuyambira sabata yachiwiri ya Januwale mpaka malipiro oyamba, lendi ikudikira, yunifolomu ikufunika, m'nyumba mulibe kanthu.

Nyengo ina ndi Juni ndi Julayi. Udzu sumera, ogwira m'magaladeni amachepetseredwa masiku, chisanu cha Joni chimadya magetsi ndi parafini. Onjezerani pamenepo tchuti cha sukulu. Pologalamu ya boma yodyetsa ana m'masukulu a m'madera osauka imafikira ana oposa 9 miliyoni, koma sukulu ikatseka mbale imeneyo imasowa. Mukapeza mwana amene ali pakhomo chifukwa makolo akuopa za mapepala, auzeni kuti mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa zikalata.

Tsiku logawa lisasinthesinthe. Loweruka lachitatu la mwezi ndi labwino, chifukwa apo m'pamene ufa wa pa malipiro wathera.

Chachinayi, nenani zomwe mukufuna

Mukangoti "bweretsani chilichonse", mudzalandira zomwe anthu akufuna kutaya: kasitadi, jamu wotsegula kale, zitini zopanda pepala. Lembani zinthu zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, muzitumize pa gulu, muzimatenso pa katoni yotolerera.

Ufa ndiwo msana wa phukusi. Werengerani motere: munthu wamkulu wodya nsima kawiri ndi phala m'mawa amatha pafupifupi magalamu 350 pa tsiku. Banja la anthu anayi ndiye kilogalamu imodzi ndi theka, kutanthauza kuti thumba la 10kg limatha pa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono ngati muli ana. Dziwani zimenezi kuti musadzinamize kuti mwadyetsa banja mwezi wonse. Mwalithandiza kudutsa sabata yovuta, ndipo muwauze choncho kuti nawonso awerengere. Za mtundu wa ufa musakangane, White Star, Iwisa kapena Ace, gulani umene watsika mtengo sabata imeneyo. Kuyambira 2003 lamulo limakakamiza kuti ufa wogulitsa m'dziko lino uziwonjezeredwa mavitamini ndi ayironi.

Ndiwo ndi pamene pamafunika mutu. Nyemba n'zotsika mtengo koma zimamwa magetsi, choncho zipite kumene kuli gasi kapena kumene angathe kusonkha moto panja, ndipo akumbutseni kuziviika m'madzi usiku wonse. Kwa a hotipuleti ndi a parafini ikani nsomba za m'chitini, masoya, ndi mphodza zofiira zomwe pa paketi amalemba kuti red lentils, zimene zimapsa pa mphindi 20. Kenako mafuta ophikira, mchere, shuga pang'ono, ndi chiponde chothira m'phala la ana. Anyezi ndi kabichi zimapirira masiku angapo popanda filiji. Sopo ndi mapadi a atsikana si chakudya, koma mukaika ndiye kuti ndalama yomwe akanagulira zimenezo ipita ku ndiwo.

Ufa, mpunga, nyemba zouma, mphodza, mazira, mkaka, mafuta ophikira, masamba ndi nsomba za pilchards za m'chitini sizilipiritsidwa VAT ya 15 peresenti. Phukusi likatsamira pa zimenezi ndalama yanu imafika patali.

Mwa Amalawi a kuno ambiri ndi Asilamu, enanso ndi a Seventh Day. Nyama ya m'chitini yomwe simukudziwa kuti muli chiyani ingoisiyani, nsomba amadya onse. Mkaka wa m'chitini wa makanda musagawe. Mayi amene mwamupatsa chitini chimodzi angathe kusiya kuyamwitsa, mwezi wamawa inu mulibe china. Mutumizeni kusikelo. Mu Epulo 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera. Mwana wotupa mapazi, wa tsitsi lofiirira lopepuka, kapena wowonda mikono mpaka khungu kukwinyika, akufunika kuchipatala tsiku lomwelo. Ufa wanu sungamuchize.

Chachisanu, kumene mungapeze

Katoni ya pakhomo la tchalitchi kapena mzikiti imabweretsa pang'onopang'ono koma mosalekeza, makamaka ngati mtsogoleri akumbutsa sabata ya malipiro. Anzathu ogwira ntchito m'nyumba ku Sandton, Fourways ndi Randburg angathe kuonetsa mabwana awo mndandanda uja. Awapatse pepala, asapemphe pakamwa, kuti zisaoneke ngati akudzipemphera okha.

Ndalama zosonkha musakagulire pa spaza, timashopu tating'ono ta m'makomboni tija. Yerekezani mitengo ya m'mapepala a Shoprite, Boxer ndi Makro ndi ya mashopu a hoselo a ku Crown Mines, kenako muwonjezere mtengo wa galimoto musanasankhe. Kupulumutsa R60 pa ufa n'kulipira R250 ya bakkie, galimoto yonyamulira katundu, si malonda. Za masamba pitani ku Joburg Market ku City Deep kunja kusanache. Ogula zambiri amalembetsa n'kutenga khadi yogulira, koma ku mbali yotchedwa Mandela People's Market mungagule thumba limodzi la anyezi kapena la mbatatesi. Amayi athu ogulitsa tomato m'misewu amapitako pafupipafupi. Pitani ndi mmodzi wa iwo ulendo woyamba, mugawane ya galimoto, akuonetseni kusankha thumba lopanda zowola pansi.

Mabungwe aakulu alipo: FoodForward SA, SA Harvest yomwe inayamba mu 2019, ndi Gift of the Givers ya Dr Imtiaz Sooliman, yomwe inayamba mu 1992 ndipo kwathu imagwiranso ntchito. Awiri oyambawo amapulumutsa chakudya chotsala m'mafamu, m'mafakitale ndi m'masitolo n'kuchipereka kudzera m'mabungwe omwe awawunika kale, osati kwa munthu amene wangoimba foni. Poyamba musataye nthawi kuwalembera makalata. Funsani ngati m'dera lanu muli tchalitchi, mzikiti kapena malo ophikira osauka omwe amalandira kale kwa iwo, mukadzipereke kumeneko Loweruka lina. Mudzaphunzira zambiri, ndipo mabanja omwe simungathe kuwafikira mudzadziwa kowatumiza.

Chachisanu ndi chimodzi, kusankha ndi kusunga

Apa ndi pamene mungaphe munthu mukufuna kumuthandiza, ndiye musathamange. Chinthu chilichonse chidutse m'manja mwanu. Chitini chofufuma, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete momatira, tayani. Paketi yotseguka, tayani. Thumba la ufa ligwedezeni, mulinunkhize, muone m'misoko ngati muli anankafumbwe kapena ulusi wa mphutsi. Pa madeti, "use by" akapitirira musagawe zivute zitani. "Best before" amanena za kukoma kwa chakudyacho, koma ine ndimati nachonso chikapitirira musachipereke kwa anthu. Ndinu mlendo m'dziko muno, ndipo mwana akangotsegula m'mimba palibe adzamvere kufotokoza kwanu.

Poloni, masoseji ndi nkhuku zowundana musalandire ngati mulibe filiji yodalirika. Mliri wa listeriosis, matenda odzera m'chakudya, wa 2017 mpaka 2018, womwe unapha anthu oposa 200, unachokera ku poloni.

Chipinda chosungira chikhale chouma, chokhoma, matumba akhale pa mapaleti kapena pa matabwa, osagunda khoma. Makoswe a ku Joni ndi aakulu, ndipo mudzafuna kugula kamankhwala ka m'timapepala kogulitsidwa pa renki, konga tameki timamudziwa kwathu uja. Musayerekeze. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo zoyeza zinapeza mankhwala ophera tizilombo a terbufos. Pa 15 Novembala chaka chomwecho mtsogoleri wa dziko Cyril Ramaphosa analamula kuti mashopu onse a spaza alembetsedwe. Tcherani misampha, tsekani mabowo, ikani nyemba ndi mpunga m'zidebe zokhala ndi zivundikiro. Parafini, bulitchi ndi sopo zikhale kutali ndi ufa, chifukwa ufa umakoka fungo ndipo nsima yake sidyeka. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kusasunga nthawi yaitali: gulani Lachisanu, pakirani usiku womwewo, gawani Loweruka.

Ngati mukugawa thumba lalikulu la nyemba m'timatumba, sambani m'manja, gwiritsani sikelo ya kukhitchini ndi mapulasitiki atsopano, ndipo lembani deti la pa thumba lalikulu pa kathumba kalikonse. Pakirani pa tebulo, mmodzi ayeze, wina amange, wina achonge m'kope. Zolemera pansi, mafuta aimirire, sopo m'pulasitiki yakeyake.

Chachisanu ndi chiwiri, tsiku logawa

Musaimike anthu pa mzere. Mzere umaitana anthu omwe simunawawerengere, umaitana apolisi, ndipo bambo amene ali ndi manyazi sabwera ngakhale ana ake ndiwo ali ndi njala kwambiri. Pa mabanja khumi, kapereke nokha khomo ndi khomo masana, kapena mupatse aliyense nthawi yake yodzatenga kuseri kwa tchalitchi. Ikani m'zikwama zogulira wamba kuti aoneke ngati akuchokera ku shopu. M'nyumba zosanja za ku Hillbrow ndi pakati pa tauni musalowe popanda munthu wokhala momwemo wokutsogolerani, ndipo foni ikhale m'thumba.

Mawu olowera nawo ndi omwe timanena kwathu: "Odi amayi, tabwera kudzakuonani, abale atituma ndi kaufa aka." Musalalikire, musafunse chifukwa chomwe bambo sakugwira ntchito, musawauze kuti abwere ku mpingo wanu Lamulungu. Zithunzi za nkhope musajambule. Chithunzi choikidwa pa Facebook kuno madzulo, m'mawa chafika ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo munthu amene amalemekezedwa kumudzi wasanduka nkhani ya pa chitsime. Osonkha akafuna umboni, jambulani maphukusi ali pa tebulo ndi malisiti.

Ena adzakuuzani kuti bwanji tiphike mphika waukulu. Dziwani kuti malo ophikira ndi kugawira anthu chakudya amayenera kukhala ndi Certificate of Acceptability, chiphaso chotsimikiza kuti malowo ndi aukhondo, yochokera kwa a zaumoyo a khonsolo, malinga ndi lamulo la R638 la 2018. Ngati mukufunadi kuphika, chitirani pa khitchini ya tchalitchi, mzikiti kapena bungwe lomwe lili nayo kale. Chakudya chophika chikhale chotentha kupitirira madigiri 60 mpaka chigawidwe, ndipo chikazizira n'kukhala panja kupitirira maola awiri chisaperekedwe kwa ana.

Pambuyo pake

Usiku womwewo tumizani lipoti pa gulu, monga timachitira pa maliro: zalowa zingati, tagula chiyani, zatsala zingati, mabanja angati alandira, popanda mayina awo. Anthu amasonkhanso akaona kuti R50 yawo yaoneka kumene yapita. Mwezi umene zasonkhedwa zochepa nenani poyera, ndipo muimbire mabanja msanga kuti phukusi likhala laling'ono, asadikire chinthu chomwe sichikubwera.

Pakatha miyezi itatu iliyonse khalani pansi ndi amayi aja muonenso mndandanda. Amene wapeza ntchito atuluke mwaulemu, ndipo mumufunse ngati angayambe kusonkha R20, ambiri amakondwa kufunsidwa. Pena mudzapeza kuti chimene banja likusowa ndi mpamba wogulitsira tomato, kapena tikiti ya basi yobwerera kumudzi kwa munthu amene wadwala nthawi yaitali. Zimenezo zitengereni ku gulu la kwawo kapena ku mpingo wake, ndalama ya ufa isapite kumeneko.

Inunso dziyang'anireni. Ngati muli pa sukulu kapena pa ntchito ya mashifiti, ikani malire: Lachisanu madzulo ndi Loweruka limodzi pa mwezi. Nambala yanu ikafala mudzaimbiridwa usiku za lendi, za belo ndi za mankhwala, ndipo muyenera kuphunzira kuyankha kuti, "Pepani achimwene, ife timathandiza chakudya chokha." Phunzitsani wina ntchito iliyonse yomwe mumagwira, poti kuno munthu amasamuka kapena kubwerera kumudzi mosayembekezera.

Za kulembetsa bungwe muziganizire mukatha chaka mukugawa mosadumphitsa. Kulembetsa ngati NPO, bungwe losafuna phindu, ku nthambi ya boma ya Department of Social Development, pansi pa lamulo la 1997, n'kwaulere, koma kumafuna malamulo olembedwa a gulu lanu, komiti, ndi lipoti la ntchito ndi la ndalama chaka chilichonse. Makampani ambiri amafunanso lisiti ya Section 18A kuti achotseredwe msonkho, ndipo chilolezo chopereka lisiti imeneyo chimachokera ku SARS, bungwe lotolera misonkho, padera. M'komitimo mudzafunika anthu a mapepala okwanira oti akatsegule akaunti ya kubanki m'dzina la gulu, choncho yambani kuwayang'ana pano, kuphatikizapo eni dziko a pa yadi panu. Kope lanu la malisiti a chaka chonse lisataike, ndilo loyamba lomwe adzakufunseni.